Achipatala aphunzire kunena uthenga wowawa

A Mkonzi,

Chaka chatha ndinkadwazika azakhali anga pa chipatala china kuno ku Chigwa cha Shire. Zotsatira zitabwera, dokotala anaima pakati pa wodi, anthu onse akumva, n'kunena kuti khansa ya khomo la chiberekero yafalikira, choncho tizipita kumudzi. Azakhali, amene amamva bwino Chisena kuposa Chichewa, anangotolapo mawu akuti kumudzi. Anayamba kupinda zitenje akumwetulira poganiza kuti achira, ndipo ntchito yowauza zoona inagwera ine tili padepoti.

Dokotalayo sindikumuda, pakuti mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Pempho langa likupita ku sukulu monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences, kuti ophunzira aziyeserera luso limeneli asanapatsidwe odwala: kukhala pansi pamalo oduka mphepo, kufunsa wodwala zimene akudziwa kale ndi wachibale amene akufuna akhalepo, kulankhula pang'onopang'ono m'chinenero chake, kudikira misozi, kenako kufotokoza chithandizo chotsala, monga morphine wochepetsa ululu, amene ife sitinauzidwe n'komwe.

Akatswiri a Tiyanjane, kiliniki yosamalira odwala matenda osachiritsika pa chipatala cha Queens ku Blantyre, azibweranso ku Chikwawa ndi ku Nsanje kudzasula amene ali kale pantchito.

Wodwazika,
Bangula, Nsanje