Lipoti la Msonkhano: Mmene Agiriki Akale Ankasanjira Nkhani Pofotokoza Zifukwa za Nkhondo

A Wapampando ndi aphunzitsi anzathu a mbiri yakale,

Mfundo yaikulu imene tabwera nayo kumene munatituma ndi yakuti olemba mbiri achigiriki kawirikawiri sanena poyera kuti "chinachititsa ndi ichi". Chifukwacho amachiika m'kasanjidwe ka nkhani, ndipo wowerenga ndime imodzi payokha sachiona.

Nthawi yambiri inathera pa Thucydides, wolemba mbiri ya nkhondo ya pakati pa mizinda ya Athens ndi Sparta. M'buku loyamba, ndime 23, amalekanitsa madandaulo amene ankalengezedwa, okhudza mizinda ya Corcyra ndi Potidaea, ndi chifukwa chenicheni cha nkhondo imene inayamba mu 431 BC: mphamvu za Athens zinakula, Sparta n'kuchita mantha. Apo wanena yekha. Koma m'buku lachiwiri, Pericles, mtsogoleri wa Athens, akangomaliza kutamanda mzindawo pa maliro a asilikali (ndime 35 mpaka 46), ndime 47 ikuyamba mliri wa mu 430 BC. Anthu omwe aja atamandidwa kuti amalemekeza malamulo tsopano akuponya mitembo ya abale awo pa nkhuni zimene ena akonzera maliro awo. Buku lachisanu likutha Athens atapha amuna a pachilumba cha Melos mu 416 BC n'kusandutsa akazi ndi ana akapolo. Lachisanu ndi chimodzi likutsegula ndi ulendo wa ku Sicily, kumene asilikali a Athens anakatheratu mu 413 BC. Wolemba sakuweruza ndi mawu, koma ife taona kuti chiweruzo chilipo.

Herodotus, wolemba mbiri ya nkhondo za Agiriki ndi Aperisi, amabwereza kachitidwe kamodzi: mfumu yamphamvu ichenjezedwa, inyoza malangizo, iwoloka madzi, igonja. Croesus, mfumu ya ku Lydia, anachenjezedwa ndi munthu wanzeru wotchedwa Sandanis asanawoloke mtsinje wa Halys. Artabanus anachenjeza m'bale wake Darius, mfumu ya Perisiya, kuti asapite ku Scythia, anachenjezanso Xerxes, mwana wa Darius, amene anawoloka kanyanja ka Hellespont mu 480 BC. Wophunzira akazindikira izi, nkhani zimene ankaziona ngati zopatuka zimayamba kumveka.

Polybius, amene analemba za nkhondo yachiwiri ya pakati pa Roma ndi Carthage, tinangomukhudza. Iye amagawa patatu: chifukwa, chonamizira ndi chiyambi. Kwa iye, Hannibal, mkulu wa asilikali a Carthage, kuzinga mzinda wa Saguntum ku Spain chinali chiyambi chabe. Zifukwa zinali mkwiyo wa Hamilcar (bambo ake a Hannibal), Roma kulanda Sardinia, ndi kukula kwa Carthage ku Spain.

Cholakwika chimene chinadandaulitsa ambiri ndi kutenga zolankhula ngati mawu enieni. Thucydides yekha, m'buku loyamba pa ndime 22, akuvomera kuti kukumbukira mawu ndendende kunali kovuta, choncho analemba zimene anaona kuti zinayenera kunenedwa, mosatalikira ganizo la wolankhulayo. Wolemba mayeso kuti "Pericles anati" popanda kutchula Thucydides wasokoneza umboni. Herodotus nayenso (buku 7, ndime 152) akuti udindo wake ndi kunena zimene anthu amanena, osati kuzikhulupirira zonse.

M'kalasi tikupempha kuti tiyese izi. Ndime iperekedwe limodzi ndi yam'mbuyo ndi yotsatira, osaidula. Ophunzira alembe mzere ndi mitundu itatu ya cholembera: mawu a wolemba, mawu oikidwa m'kamwa mwa munthu, ndi zimene wolemba akuti anangomva. Akatero, funso la "chifukwa chiyani" libwere pomaliza, chifukwa likabwera poyamba amathamangira chiyambi cha nkhondo n'kuchitcha chifukwa.

Tikupempha komiti ivomereze kuti tiyambire pa buku lachiwiri la Thucydides, ndime 35 mpaka 54, teremu ikubwerayi.

Ife nthumwi zanu.