Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masamu: nkhani ya 2,147,483,647

Wapampando ndi aphunzitsi anzanga nonse, zikomo pondituma. Za mayeso ndi za mabuku ndidzafotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndikulemba za gawo limene linatidyera nthawi yambiri, pamene tinakhalira nambala imodzi yokha, 2,147,483,647.

Nambalayi imapezeka mukalemba 2 kokwana ka 31, n'kuwachulukitsa onsewo, kenako n'kuchotsapo 1. Ndi prime, kutanthauza kuti palibe nambala imene ingaigawe popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ma prime opangidwa motere amadziwika ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France, ndipo iyi ndi yachisanu ndi chitatu pamndandanda wawo. Ngakhale 31 yemweyo ndi wa mtundu womwewo, chifukwa ndi 32 kuchotsapo 1.

Ena mumsonkhanomo anafulumira kunena kuti bola chiwerengero cha ma 2 aja chikhale prime, yankho likhalanso prime. Amene ankatsogolera zokambirana anangolemba 2,047 pabolodi. Imeneyi ndi ma 2 okwana 11 ochulukitsidwa, kuchotsapo 1; 11 ndi prime, koma 2,047 ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Mkangano unathera pomwepo.

Chimene ndikufuna tichitengere mtima ndi momwe katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikizira kuti nambala yathuyi ndi prime mu 1772, kulibe kakyuleta. Choyamba, palibe chifukwa choyesera kugawa ndi nambala yoposa 46,340, popeza 46,341 mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mwadutsa kale. Komabe pansi pa malire amenewa pali ma prime oposa 4,700, ntchito yothyola msana. Apa m'pamene pali nzeru. Taonaninso 23 ndi 89: iliyonse mukaigawa ndi 22, amene ndi 11 uja kuchulukitsa ndi 2, pamatsala 1. Si mwangozi. Chimodzimodzinso, prime iliyonse yogawa nambala yathu iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62, amene ndi 31 kuchulukitsa ndi 2. Euler anapita patsogolo n'kuona kuti iyenera kusiya 1 kapena 63 ikagawidwa ndi 248. Zotsalazo zinali zochepa, anaziyesa, ndipo palibe inalowa. Kunena zoona, ana athu timawazoloweretsa kugawa mwakhama, koma kawirikawiri sitiwafunsa kuti ndi manambala ati amene sayenera n'komwe kuyesedwa.

Zina zinangodutsa msanga. Nambalayi mukaichulukitsa ndi 1,073,741,824 imabala nambala imene zogawa zake zonse, kupatula iyo mwini, zikaphatikizidwa zimabweza iyo yomwe, monga 6 amachitira ndi 1, 2 ndi 3. Anatchulanso prime ya mtundu wa Mersenne imene inapezeka mu Okutobala 2024, ya madijiti oposa 41 miliyoni.

Achinyamata anadzidzimuka pa nkhani ya makompyuta. Mapulogalamu ambiri osunga nambala m'ma bit 32 (timalo 32 tosunga 0 kapena 1) sangapitirire 2,147,483,647. Amene amawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzafika pamenepa pa 19 Januwale 2038, ndipo osakonzedwa adzasokoneza tsiku.

Pempho langa, Wapampando, n'lakuti pamsonkhano wathu wotsatira tipatule mphindi zoyesera 8,191, imene ndi ma 2 okwana 13 kuchotsapo 1. Malire ake ndi 90, ndipo ma prime osiya 1 akagawidwa ndi 26 alipo awiri okha, 53 ndi 79. Aliyense abwere ndi pensulo, kakyuleta aisiye.