Mankhwala opopera sathera pa mbozi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi alimi a tomato ndi kabichi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Bua kuno ku Mchinji.

Mu 1962 mayi wina wa ku America, Rachel Carson, analemba buku lotchedwa Silent Spring. Anaonetsa kuti mankhwala ophera tizilombo a DDT akapoperedwa amalowa m'madzi, n'kuunjikana m'mafuta a nsomba, kenako m'mbalame zodya nsombazo. Opanga mankhwala anamunyoza, koma mu 1972 America inaletsa DDT paulimi, ndipo pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 linangomulola polimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu. DDT anachoka m'minda, koma zomwe mayiyu ankadandaula zikadalipo m'madimba mwathu.

Ananenanso kuti tizilombo timazolowera mankhwala. Mlimi akaona mbozi sizikufa ndi cypermethrin amawonjezera mlingo, kapena amagula deltamethrin poganiza kuti wasintha. Awiriwa ndi a mtundu umodzi, mbozi yolimba pa uyu imalimbanso pa winayo. Sinthani mtundu wa mankhwala, osati dzina la pabotolo. Mlingo ukhale wolembedwa pachizindikiro, woyezedwa ndi kapu yake. Chitsekerero cha botolo si muyezo.

Poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, mphepo itadekha, njuchi zisanayambe kapena zitasiya kuyendera maluwa. Botolo likatha, thiranimo madzi kotala, khutchumulani, khuthulirani mu sipuleya, katatu, kenako muliboole. Sipuleya isatsukidwe mumtsinje, chifukwa kumunsi kuli anthu otunga madzi akumwa. Ndipo masiku odikira musanakolole alembedwa pabotolo pomwepo. Tomato wopoperedwa dzulo n'kupita naye pamsika lero amakathera mumphika wa munthu, mwina wa m'bale wanu yemwe.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala opungulidwa m'mabotolo a zakumwa, ogulitsidwa m'misika opanda chizindikiro. Mwana akamwa dimethoate amatuluka dovu ndi thukuta, kupuma kumavuta. Musamupatse mkaka kapena kumusanzitsa. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo. Nanga likakhala lopanda dzina, a dokotala adziwa bwanji chomwe wamwa? Bungwe la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2000, lifike m'misika ya kumudzi, makamaka ya kufupi ndi malire.

Mlangizi wa zaulimi,
Mchinji