Dzina la wojambula lili kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu. Loweruka ndi Lamulungu lapitali, ine ndi mayi akunyumba tinapita mumzinda kukaona zaluso, ulendo umene tinaukonzekera kalekale. Tinayenda mpaka mapazi kutupa, kuona zojambula za m'makoma a m'misewu, ziboliboli ndi nyumba zingapo zoonetseramo zithunzi. Mtima unali m'malo mpaka titalowa m'nyumba ina imene anthu amaitama kwambiri.

Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mayi akuluka mwana tsitsi, ataluma chipeso pakamwa, mwanayo atatsinzina diso limodzi chifukwa cha ululu. Mayi akunyumba anaima pamenepo nthawi yaitali osayankhula. Kenako anawerama kuti awerenge kapepala ka m'munsi. Panalembedwa mtengo ndi kukula kwa chithunzicho, basi. Dzina la wojambula panalibe. Titafunsa mtsikana wa pakhomo, anati amadziwa ndi abwana, ndipo abwanawo sabwera Loweruka. Tinazungulira chipinda chonse: mtengo paliponse, dzina ngakhale limodzi ayi.

Kodi chithunzicho chinadzijambula chokha? Inki yolembera mtengo inalipo, nanga yolembera dzina la munthu inathera kuti? Kumeneku n'kuba, a Mkonzi. Ine ndikuona kuti eni nyumbayo akuopa kuti wogula akadziwa dzina adzalunjika kwa mwini wake, iwo n'kutsala manja lende. Munthu wachezera usiku ndi burashi, utoto wagula yekha, ndiye wina azidyerapo kwinaku akumubisa ngati mbava?

Eni nyumba zoterezi akawerenge Pangano la Berne la 1886 loteteza ntchito za olemba ndi aluso. Ndime 6bis, imene anaiwonjezera ku Rome mu 1928, imanena poyera kuti waluso ali ndi ufulu wodziwika kuti ntchito ndi yake, ngakhale atapereka kwa wina ufulu wopezerapo ndalama.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti khalidweli ndi lakale. Nyumba zosungira zinthu zakale ku Ulaya zinkalemba dzina la mtundu wa anthu pansi pa zosema za ku Africa, ngati kuti mtundu wonse unagwira kasemasema mmodzi. Olowe wa ku Ise, mmisiri wachiyoruba wa ku Nigeria amene anamwalira mu 1938, anasema chitseko chimene chinaonetsedwa ku London mu 1924 ndipo chili ku British Museum, koma panapita zaka zambiri dzina lake lisanamveke kumeneko. Lero wojambula ali moyo, ali ndi foni m'thumba, timuchitenso zomwezo?

Khonsolo ya mzinda isamapereke chiphaso kwa nyumba yosalemba dzina ndi chaka pa chithunzi chilichonse, ndipo ojambula asamasiye ntchito yawo asanaone kapepalako ndi maso awo. Amene anajambula mayi wa chipeso uja, ngati akuwerenga kalatayi, alembere a Mkonzi. Mayi akunyumba akumufunsabe.

Wokonda zaluso wokhumudwa