Kalata ya Abusa: Musamulande Mwana Buku

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi makolo nonse,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Poyendera mabanja mwezi uno ndinakumana ndi chinthu chimene chikundiwawabe mumtima. Pakhomo pena ndinapeza mtsikana wa Fomu 3 akulira chifukwa bambo ake anamulanda buku la nkhani yopeka limene anabwereka kusukulu, namuuza kuti m'nyumba ya Akhristu simuwerengedwa mabodza. Abale ake anali atagwada pafoni tsiku lonse, koma palibe amene anawadzudzula.

Makolo, khalidwe limeneli lithe. Kodi si ife tomwe tinakula tikuvomera kuti "tilitonse" agogo akutisimbira za Kalulu ndi Fisi, ndipo tinadziwa kuipa kwa dyera tisanaphunzire n'kulemba komwe? Natani anafika kwa Davide ndi nkhani ya mwanawankhosa wa munthu wosauka, pomaliza nati, "Munthuyo ndinu" (2 Samueli 12:7). Za Ambuye wathu kwalembedwa kuti "kopanda fanizo sanalankhula kanthu kwa iwo" (Mateyu 13:34). Ngakhale buku la Nthondo, limene mphunzitsi Samuel Ntara analemba, linasindikizidwa ndi mishoni ya Nkhoma mu 1933, ndipo amene anatitsogolera m'chikhulupiriro sanaone tchimo pamenepo.

Mwana amene watsata m'buku moyo wa mnyamata wolowa m'ngongole ya katapila, kapena wa mtsikana wonamizidwa ndi mwamuna wa ndalama nasiya sukulu, amaona mathero a njirayo asanaipondepo phazi. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Amaphunziranso kumva chisoni ndi mkazi wamasiye wolandidwa katundu, chinthu chimene ena mwa ife akuluakulu chimatikanika. Sindikukana kuti mabuku oipa alipo, koma mukalanda buku musanalitsegule mwaweruza mlandu umene simunaumve. Liwerengeni poyamba, kapena muuzeni mwanayo akuwerengereni madzulo mukatha kudya.

Lamulungu likudzali banja lililonse limene lili ndi buku la nkhani, la Chichewa kapena la Chingerezi, libwere nalo kuvesitili kuti tizibwereketsa ana athu, ndipo mlembi wa mpingo alemba dzina la mwini wake. Tikufunanso kabati yokhoma kuti chiswe ndi makoswe zisationongere, choncho banja lililonse lipereke K2,000 kudzera kwa dikoni wa dera lake mwezi uno usanathe. Aphunzitsi a Sande sukulu atsale tikaweruka kuti tigwirizane tsiku lobwereketsa.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.