Mabwana, maseva anu anapulumutsidwa ndi anthu amene simuwalipira

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanu ndinenepo za anthu amene nthawi zambiri salembedwa, ife a IT, makamaka aja osamala maseva (makompyuta aakulu osunga ndi kuyendetsa ntchito za ofesi yonse) ndi netiweki m'makampani, m'masukulu, m'makiliniki ndi m'mabungwe muno mu Lusaka. Disembala uno aliyense akuwerengera zake za 2024, alimi akunena za chilala, a saluni ndi owotcherera mageti ku Kalingalinga akunena za malaiti, nafenso tili nazo zathu. Ndikulembera makamaka mabwana. Ngati malipiro a antchito anu anatuluka mwezi ndi mwezi chaka chino, imelo ikuyenda, malisiti akusindikizika pa kauntala, musaganize kuti ndi mnyamata wanu uja yekha anachita zimenezo. Kumbuyo kwake kuli anzake a m'makampani ena, ena mpaka a makampani opikisana nanu, amene ankamuyankha foni pakati pa usiku ndi kumubwereka zipangizo, ndipo anthu amenewo inu simunawapatse ngakhale ngwee imodzi, mwina simudziwa n'komwe kuti alipo.

Za malaiti tonse tikudziwa. Pa 29 Febuluwale a President Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo popeza magetsi athu opitirira 80 peresenti amachokera kumadzi, Kariba atatsika zonse zinatsika naye. Siteshoni ya Kariba North Bank ya mamegawati 1,080 inafika poti mwa makina ake 6 amodzi okha ndi amene ankazungulira. Tinayamba ndi maola 8 opanda malaiti mu Malichi, kenako 12, pofika Seputembala tinkawerenga mpaka maola 21 patsiku. Kunyumba zinali za mbaula ndi makala odula. M'kachipinda ka maseva munkachitika zina zimene mabwana ambiri sanazimvetse mpaka lero, nde ndifotokozeko pang'ono.

Kabokosi kaja kolira pi pi pi malaiti akapita, UPS, sanakapangire kuti kaziyendetsa ofesi tsiku lonse. Ntchito yake ndi kugwirizira mphindi zochepa chabe, kuti jenereta ilire kapena kuti munthu azimitse seva bwinobwino. Mabatire ake ambiri ndi a lead acid, ndipo batire yotere ukamaimaliza mpaka pansi tsiku ndi tsiku kenako n'kuipatsa maola 3 okha otchajira, siimadzaza, imayamba kufa pang'onopang'ono, moti batire yoyenera kukhala zaka 3 kapena 4 inkatha m'miyezi yochepa. Nde abwana amati si tinagula chaka chatha chomwechi? Eya munagula, koma munagula yopangidwira kumene malaiti amazima kamodzi pamwezi. Jenereta nayonso, zambiri za dizilo zimafuna kusintha oilo ndi mafyuluta pakatha maola 250, manje ikamalira maola 20 patsiku ndiye kuti sabata ziwiri zisanakwane yafuna kale sevisi, pomwe bajeti inalembedwa poganiza kuti sevisi ndi kawiri pachaka. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala, eyakoni yazimitsidwa chifukwa inveta siingainyamule, maseva akukoka mpweya wotentha m'kachipinda kopanda windo, ma hard drive amafa choncho. Ndipo seva ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, database, mosungira zolemba zonse za kampani, imatha kuwonongeka, m'mawa a ku akaunti akutsegula n'kupeza ma invoice a dzulo masana kulibe, mlandu wonse n'kugwera wa IT ngati kuti ndiye anamwa madzi a ku Kariba.

Manje onani mmene tinapulumukira. Makampani ambiri apakatikati muno ali ndi wa IT mmodzi, yemweyo wa maseva, yemweyo wa netiweki, wa makamera, wa printa, wa foni ya mwana wa abwana imene yaiwalika pasiwedi. Munthu mmodzi sangadziwe zonsezo. Chimene chimachitika n'chakuti tili ndi gulu lathu lodziwana, ena tinaphunzira limodzi ku UNZA kapena ku Evelyn Hone, ena anachokera ku CBU ku Kitwe, ena sitinaonanepo nkhope timangodziwana manambala, ndipo zinthu zikakuthina umafunsa. Hard drive yafa mu RAID, gulu la ma hard drive ogwirizirana kuti imodzi ikafa data isatayike, cha m'ma 23 hours, yofanana nayo mu town siukaipeza, kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai itenga masabata ndipo kumapeto kwa 2024 dola inali pamwamba pa K27, apo ukudziwa kuti ikangofa yachiwiri zonse zapita. Wina wa ku Chinika akuti ndili nayo yapadera, bwera m'mawa utenge, udzabweza yako ikafika. Wina amene anayamba kale kuika mabatire a lithium akukuwerengera saizi yoyenera kuti ogulitsa asakupusitse. Wina akukulembera ndondomeko yozimitsira, yamba ndi ma VM (timaseva tokhala mkati mwa seva yaikulu), kenako host (seva yaikuluyo), storage (mosungira data) pamapeto, poyatsa uyambire kumbuyo, akukupatsanso kapulogalamu kochita zimenezo kokha batire ikatsika kufika pa theka, kuti usamadzuke ma 02 hours kuthamangira ku ofesi. Nzeru zomwezo mukanaitana ma consultant mukanalipira masauzande, ndipo akanabwera Lolemba.

Zimayenda ngati chilimba, lero wadya ndiwe, mawa uponya kuti adye mnzako. Vuto n'loti makampani ambiri akudya chilimba chimenechi osaponya. Wa IT wawo akathandizidwa usiku zili bwino, palibe wofunsa kuti hard drive ija yachokera kuti, koma iye akapempha kutuluka maola awiri Lachisanu masana kuti akathandize yemwe anamuthandiza uja, ayi, akuti ukugwira maganyu pa nthawi ya kampani. Ena mpaka amalembedwa kalata ya chenjezo. Apa ndi pamene pakundiwawa ine.

Ndipo chaka chino mavuto sanachokere ku Kariba kokha. Pa 19 Julaye kampani ya CrowdStrike, yopanga pulogalamu yoteteza makompyuta, inatulutsa apudeti yolakwika, makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni, malinga ndi a Microsoft, anangoonetsa sikirini ya buluu, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri zinasokonekera. Kukonza kwake kunali kwa manja, kompyuta imodzi imodzi, kuilowetsa mu safe mode ndi kufufuta fayilo imodzi, ndipo ngati inali yokhomedwa ndi BitLocker umafunika kiyi yake kaye. Funso limene tinafunsana tonse tsiku limenelo, ngakhale ife osagwiritsa ntchito CrowdStrike, linali lakuti kodi makiyi ako umasunga kuti, chifukwa ambiri anazindikira kuti ali pa seva imene nayonso ikanakhala itagwa. Sabata yotsatira, pa 26, linali tsiku loyamikira osamala maseva, limakhala Lachisanu lomaliza la Julaye chaka chilichonse, ine sindinamve kuti wina muno wagulidwako ngakhale Fanta.

Mu Meyi zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka, anzathu a ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique anavutika masiku angapo, ndipo ife amene tilibe nyanja, intaneti yathu imadutsa m'maiko a eni, tinayamba kufunsana ngati laini yachiwiri imene kampani imalipira ikudutsadi njira ina kapena ndi yomweyo yangosiyana dzina pa invoice. Ena anaika Starlink, imene inafika muno mu Okutobala 2023, kuti ikhale yodalira ina ikagwa, ndipo mmene ungakonzere rauta kuti izisintha yokha tinaphunzitsana tokha. Za VMware, pulogalamu yoyendetsera ma VM, ndi CentOS, mtundu wa Linux imene imayendetsa maseva ambiri, ndidutsa msanga, Broadcom itagula VMware kumapeto kwa 2023 inasiya kugulitsa malayisensi ogula kamodzi, kwacha yathu n'kulephera kupirira, ambiri tinasamukira ku Proxmox mophunzira tikuyenda, CentOS 7 nayo inasiya kulandira maapudeti pa 30 Juni, anthu n'kumathamangira ku Rocky Linux, AlmaLinux kapena Ubuntu.

Koma nkhani imene ndaiganizira kwambiri chaka chino ndi ya xz. Ndi kapulogalamu kakang'ono kopanikiza mafayilo kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri ankakasamala munthu mmodzi wongodzipereka, wosalipidwa, amene ananena yekha kuti watopa. Wina anabwera ngati wothandiza, anakhala naye zaka pafupifupi ziwiri mpaka anamukhulupirira, kenako n'kubisamo khomo lolowera m'maseva kudzera pa ssh, njira imene timalowera mu seva tili kutali. Anazitulukira kumapeto kwa Malichi ndi injiniya wina, Andres Freund, chifukwa choti anaona kuti kulowa pa ssh kukuchedwa ndi theka la sekondi ndipo sanalekerere. Mabanki ndi maboma akudalira ntchito ya munthu mmodzi wotopa amene sakumudziwa dzina. Nditawerenga zimenezo ndinaganiza za Lusaka, chifukwa nafenso oyankha mafunso ndi ochepa, ndi omwewo omwewo, madala angapo amene anayamba kalekale nthawi ya Windows Server 2003, ndipo chaka chino ndaona akuchepa. Wina anapita ku South Africa, wina anapeza ntchito yogwirira kunyumba ya kampani yakunja yolipira madola ndiye usiku amakhala ali pa ntchito, wina anangotopa, masiku ano foni yake imalira mpaka kuduka. Sindiwaimba mlandu olo pang'ono, munthu sangayankhe mafunso aulere usiku uliwonse kunyumba kwake kulibe malaiti, ana akufuna kulemba homuweki ndi tochi ya foni yomweyo.

Nafenso a IT tili ndi zathu zonyansa, ndisabise. Mwana wangomaliza kumene dipuloma, amuponya yekha pa kampani popanda womuonetsa, akafunsa chifukwa chake makompyuta sakulandira IP, adiresi yawo ya pa netiweki, mdala wina n'kumuyankha kuti kafufuze pa Google, kusukulu unkaphunzira chani. Mwanayo safunsanso, amakayesa yekha pa seva yeniyeni, ndipo atsikana amene ali kale ochepa pa ntchito ino ndi amene amayamba kukhala chete. Mudala, ngati mulibe nthawi ingokhalani chete, ayankhe ena. Palinso aja otumiza chithunzi cha sikirini pofunsa thandizo, pachithunzipo pakuoneka pasiwedi ya admin kapena mayina ndi manambala a NRC a makasitomala, pomwe lamulo loteteza data la 2021 lilipo ndipo silinena kuti ukamafunsa thandizo ndiye wakhululukidwa. Ndiye pali khalidwe lija losunga mapasiwedi onse m'mutu kuti asakuchotse ntchito. Ndimamvetsa kumene limachokera, kaili malipiro ake ndi omvetsa chisoni, koma mapeto ake ndiwe wemwe sungapite kumaliro ku Chipata osanyamula laputopu, ndipo ukachoka amene akulowa m'malo mwako amabwera kwa ife kudzafunsa mmene angathyolere switch ya kampani yake yomwe.

A ICTAZ, bungwe la anthu a IT muno mu Zambia, amene lamulo la 2018 linawapatsa udindo wolembetsa anthu a ntchito ino, ndikanakonda chaka chamawa akonzeko masiku ophunzitsana zenizeni za m'kachipinda ka maseva, za mabatire, za kubwezeretsa bakapu (kopi yapadera ya data), pamtengo woti mnyamata wa pa kiliniki ya ku Matero angakwanitse, chifukwa misonkhano ya m'mahotela amapitako ndi mamanejala.

Kwa mabwana, zimene ndikupempha si zodula kwambiri. Lolani wa IT wanu atuluke akathandize mnzake, mum'patseko ndi ya mafuta. Hard drive kapena switch imene anabwereka m'dzina la kampani yanu ibwezeni msanga, musamuuze kuti adikire kota yamawa, chifukwa amene akuchita manyazi ndi iyeyo ndipo ulendo wina sadzamubwerekanso. Mum'patse sabata imodzi mu Januwale yoti asakhudze printa ya munthu, akhale pansi alembe zonse, chili pati, pasiwedi ili kuti, malaiti akapita chizimitsidwe chiti poyamba, ayesenso kubwezeretsa bakapu pa makina ena muone ngati ikutsegukadi, chifukwa chaka chino ndaona makampani okhala ndi bakapu ya tsiku lililonse imene inasiya kugwira miyezi yapitayo palibe anadziwa. Ndipo ngati antchito anu apitirira 50, lembani wachiwiri, ngakhale wa intenishipu, koma wolipidwa.

Chomaliza ndi cha bajeti zimene mukusaina masabata ano. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kutulutsa maapudeti aulere a Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, nde makompyuta ambiri akale aja munagula a sekondi handi sadzalowa. Muuzeni wa IT wanu awerenge kuti ndi angati, ndalama yake ilowe mu bajeti ino, musadzamuitane mu Seputembala n'kumuuza kuti afunse anzake ngati pali njira yozembera.

Wa IT wa ku Chilenje,
Lusaka