Kalata kwa Yamikani: za moto wa m'phiri la Zomba

Zomba
Novembala

Wokondedwa Yamikani,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Johannesburg. Kuno tonse tili bwino, kungoti kukutentha kwambiri ndipo mvula yeniyeni sinayambe. Uthenga wako ndinaulandira, ndipo ndinaseka nditawerenga funso lako loti kodi ndi zoona kuti ndasiya sukulu n'kulowa ntchito yozimitsa moto kukhonsolo. Amene anakuuza zimenezo anakokomeza. Sukulu sindinasiye, ndili mu Fomu 4 ndipo mayeso a MSCE akundidikira chaka chamawa, koma ndi zoona kuti kuyambira tchuthi cha Ogasiti ndakhala ndikuthandiza gulu limene limateteza nkhalango ya m'phiri ku moto wolusa. Popeza nkhaniyi ndi yaitali, ndaona kuti ndi bwino ndikulembere kalata yonse m'malo mwa timauthenga ta pa WhatsApp.

Zinayamba chakumapeto kwa teremu yachitatu, pamene aphunzitsi amene amatsogolera kalabu yathu ya zachilengedwe anabwera ndi alendo ogwira ntchito za nkhalango. Alendowo anafotokoza kuti nyengo ya moto, imene imafika poipa kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, imawapeza ali ochepa poyerekeza ndi kukula kwa phiri, ndipo anapempha ophunzira osinkhukirapo amene angadzipereke kuthandiza popanda malipiro. Amayi anakana kwamtuwagalu, nati sanandilipirire fizi zaka zonsezi kuti ndikapsere m'tchire. Abambo ndi amene anasaina kalata ya chilolezo, atamva kuchokera kwa aphunzitsi kuti mwana wasukulu aliyense saloledwa kuima kutsogolo kwa moto, ndipo kuti ntchito yathu ndi ya kumbuyo.

Ine ndinkaganiza kuti tidzayamba ndi mapaipi a madzi ndi zipewa zolimba zija timaziona pa kanema. Chimene anatipatsa tsiku loyamba ndi makasu, zikwanje, zikwakwa ndi maleki. Tinakwera kudzera njira ya Potato Path, imene iwe ukuidziwa bwino, ndipo a kapitawo athu, bambo wachikulire amene wagwira ntchito m'nkhalangoyi kuyambira ife tisanabadwe, anatiimika m'malire a munda wa mitengo ya paini yaing'ono nati tiyambe kulambula njira yotchinga moto. Njira imeneyi si yongotchetcha udzu ayi. Umayenera kupala mpaka dothi lenileni lioneke, m'lifupi mwake mamita angapo, n'kukokera kutali masamba onse ouma a paini, chifukwa masamba amenewa amaunjikana pansi ndipo moto umatha kuyenda kunsi kwake osaoneka. Nthambi zolendewera pamwamba pa njirayo zimadulidwa kuti malawi asapeze powolokera. A kapitawo ankabwera pambuyo pathu akuyenda pang'onopang'ono, ndipo akapeza kachigamba ka udzu kolumikiza mbali ziwiri za njira, ngakhale kochepa ngati chikhatho, ankangoimirira pomwepo osalankhula mpaka amene wasiya kachigambako abwerere. Pofika madzulo m'manja mwanga munali matuza, ndipo anzathu ena sanabwerenso tsiku lotsatira.

Ndikuuze mosabisa kuti gawo lalikulu la zimene anthu amazitcha kuzimitsa moto ndi ntchito ya khasu imeneyi, yogwiridwa miyezi ingapo moto usanabuke, popanda woonerera kapena woombera m'manja. A kapitawo ankadandaula kuti ife tinabwera mochedwa, chifukwa ntchito yeniyeni imayamba mu Meyi ndi Juni, pamene udzu usanaumitsitse. Nthawi imeneyo ndi pamene amatentha dala malo ena m'mawa kapena madzulo kukuzizira, kuti moto wofatsa udye udzu umene ukanadzadyetsa moto wolusa mu Okutobala.

Maphunziro a pakamwa tinkachitira pansi pa mtengo nthawi yopuma. Anatiphunzitsa kuti moto umafuna zinthu zitatu, kutentha, mpweya ndi chinthu choti chipse, ndipo ukachotsa chimodzi mwa izi moto umafa. Madzi amachotsa kutentha, dothi kapena chomenyera moto chimatsekereza mpweya, ndipo njira imene tinkalambula ija imachotsa choti chipse. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nkhani ya chitunda. Moto umathamanga pokwera kusiyana ndi potsika, chifukwa malawi amawerama n'kuumitsiratu udzu umene uli kumtunda kwake, ndipo ozimitsa moto amawerengera kuti liwiro lake limawirikiza kawiri chitunda chikakwera ndi madigiri 10. Ukaganizira mmene phiri lathu linakhalira, kuchoka m'tauni mpaka nsonga zake zopitirira mamita 2,000, ukhoza kumvetsa chifukwa chake munthu wothawa moto cholowera kumtunda sapulumuka kawirikawiri. Lamulo ndi loti uthawire chammbali kapena ulowe pa lupsa, pamene papsa kale, pakuti pamenepo moto ulibenso chakudya. Anatiletsanso kuvala malaya a nayiloni ndi majezi a mpira, chifukwa amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Zovala za thonje zokhala ndi manja aatali ndi zimene zimafunika, pamodzi ndi nsapato zotseka.

Tsiku lina anatitengera kwa ozimitsa moto a m'tauni kuti tikaphunzire za moto wa m'nyumba, ndipo kumeneko ndi kumene ndinagwira koyamba botolo lofiira lija limapachikidwa pakhoma la labotale kusukulu, limene tonse tinkangolidutsa zaka zonsezi. Umasolola kapini, n'kuloza patsinde pa moto osati pamwamba pa malawi, kenaka n'kufinya chogwirira uku ukuyendetsa dzanja uku ndi uku. Anayatsa mafuta ophikira m'poto natifunsa chochita, ndipo pafupifupi tonse tinayankha kuti madzi. Mmodzi wa iwo anathira madzi pang'ono ataima patali, ndipo malawi analumpha kupitirira msinkhu wa munthu. Kenaka anangovundikira potoyo ndi chivundikiro, moto n'kuzima nthawi yomweyo. Moto wa magetsi nawonso sufuna madzi, uyenera kuyamba wazimitsa magetsi pa switchi yaikulu. M'nyumba yodzaza utsi umakwawa, popeza mpweya wabwino umatsalira pansi, ndipo utsi ndi umene umapha anthu ambiri malawi asanawafike n'komwe. Za chilonda cha moto ndinakafotokozera amayi tsiku lomwelo, chifukwa kwathu tinazolowera kupaka mankhwala otsukira mano kapena dzira: choyenera ndi kuthira madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kuphimba ndi nsalu yoyera, n'kupita kuchipatala. Amayi anangoti, "Koma ndiye mwaphunzira," ndipo kuyambira pamenepo anachepetsa kudandaula.

Ozimitsa moto aja anatiuzanso zimene sindinaziganizirepo. Anthu amawanyoza kuti amafika nyumba itatha kale, koma nthawi zambiri foni imaimbidwa mochedwa, eni nyumba ndi anansi atayesa kaye ndi zidebe n'kulephera, ndipo m'madera ena nyumba zinathinana moti galimoto yaikulu siingalowe. Ukakumbukira tinjira ta kuseri kwa kumene munkakhala kuja, uvomereza kuti sakunama.

Moto weniweni ndinakumana nawo Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa litapendeka pang'ono. Utsi unayamba kuoneka chakumunsi kwa dera limene tinalambula lija, ndipo pamene ife timafika, akuluakulu anali atandanda kale m'mbali mwa moto ndi zomenyera zawo, zimene ndi ndodo zazitali zokhala ndi chikutu cha labala kumapeto. Ena a m'midzi yapafupi anabwera ndi nthambi zaziwisi. Moto saumenya chamaso. Amauyamba kumchira n'kumaupanikiza m'mbali, aliyense akumenyera cholowetsa kumene kwapsa kale kuti timakala tisaulukire ku udzu wosapsa. Ife ana asukulu anatipatsa zigubu za madzi akumwa ndi odzazira m'mipope yobereka kumsana, ndipo tinkathamanga pakati pa mtsinje ndi mzere wa anthuwo. Phokoso lake sindidzaliiwala, Yamikani. Udzu wa tsekera unkathetheka ngati chimanga chokazinga m'chiwaya, ndipo moto ukafika pa paini wokhala ndi utomoni wambiri, mtengo wonse unkayaka kamodzi mpaka kunsonga. Njoka inadutsa pafupi ndi mapazi anga osandilabadira n'komwe.

Mphepo itatembenuka, a kapitawo analiza wezulo ndipo aliyense anabwerera m'mbuyo nthawi yomweyo, ngakhale amene ankaona ngati atsala pang'ono kugonjetsa mbali yawo. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake pa maphunziro ankalimbikira kwambiri zomvera munthu mmodzi. Iwo anasuntha gulu lonse kupita pa njira yathu yolambula ija, ndipo amuna awiri odziwa ntchito anayatsa moto wina m'mphepete mwake kuti upite ukakumane ndi wolusawo. Moto uwiriwo utakumana, malawi anakwera kwambiri kenaka n'kugwa, chifukwa panalibenso udzu pakati pawo. Ndinayang'ana dothi lofiira limene tinapala ndi matuza mu Ogasiti, mbali imodzi kuli bii, mbali inayo mitengo yaing'ono ili yobiriwira, ndipo ndinamva kukoma mumtima kuposa tsiku limene ndinalandira zotsatira za JCE. Komabe si ponse pamene tinapambana. Chakumpoto, kumene njira inali isanalambulidwe, mitengo yaing'ono yambiri inapsa, ndipo paini amatenga zaka zoposa 20 kuti afike pocheka matabwa abwino.

Ntchito yathu yaikulu inayamba malawi atazima. Tinayenda m'malire monse mwa lupsa tikufufuza zitsa ndi zipika zofuka utsi, chifukwa chitsa chimatha kusunga moto m'mizu usiku wonse n'kudzauyambitsanso mawa mphepo ikadzuka. Umayandikiza kuseri kwa dzanja pa phulusa kuti umve ngati pali kutentha, ukapeza umakumba, n'kusakaniza makalawo ndi dothi ndi madzi pang'ono mpaka pazizire. Tinatsika kutada, maso ali psuu, ndipo amayi sanandilole kulowa m'nyumba ndisanasambe panja.

Funso limene lakhala likundivuta kuyambira tsikulo ndi la amene amayatsa motowu. Si alendo ochokera kutali ayi. Ndi anyamata amsinkhu wathu osaka mbewa, amene amatentha tchire kuti mauna aonekere. Ndi ofula njuchi amene amasiya muuni ukufuka. Ndi owotcha makala amene ng'anjo yawo yaboola usiku. Ndi alimi ososa m'munsi mwa phiri amene moto wa mapesi wawapulumuka. Ndipo nthawi zina ndi munthu wokwiya chabe, amene walandidwa nkhuni kapena matabwa ndipo akufuna kubwezera. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakhwima. Ine sinditsutsa zoti wolakwa alangidwe, koma sindikhulupirira kuti kumanga anthu pakokha kungathetse vutoli, pamene makala omwewo ndi amene timaphikira pa mbaula tonse a m'tauni magetsi akazima. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi pamene mudzi wapatsidwa dera lake loti uziliyang'anira, mfumu ikudziwa, anthu akupezapo kanthu monga nkhuni zouma, udzu wofolera kapena malo opachika ming'oma ya njuchi. Dera lotero utsi ukangooneka anthu amathamanga okha osadikira kuitanidwa.

Anzathu ena m'kalasi amatiseka kuti tikuvutikira mitengo ya boma. Ndimawafunsa kumene madzi a pampopi wa kusukulu amachokera, ndipo ambiri amadziwa kuti ndi ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, koma saganiza kuti phiri likapsa, mvula yoyamba imakokolola phulusa ndi dothi n'kukazithira m'damu momwemo. Mtsinje wa Mulunguzi umakathira mu Likangala, ndipo Likangala ndi Domasi amakathira m'nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratunso mu 2018. Chilala ndi chimene chimaphwetsa nyanjayo makamaka, koma mitsinje yochokera m'phiri lopanda mitengo imasefukira msanga m'dzinja n'kuuma msanga m'chilimwe, ndipo asodzi ndi alimi a mpunga a kumunsi ndi amene amayamba kumva kuwawa. Titaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, madzi ndi miyala zikutsika m'mapiri n'kukwirira nyumba, palibe wokhala m'tsinde mwa phiri amene ayenera kuona zitunda zopserera n'kumati sizikumukhudza.

Mvula ikangokhazikika ntchito ya moto iima, ndipo ine ndalonjeza abambo kuti kuyambira Januwale ndiika mtima wonse pa mabuku. Pakadali pano Loweruka lililonse tikuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande ku nazale, pokonzekera nyengo yodzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala, ndipo gulu lathu lapempha kuti lipatsidwe dera lakumpoto lija linapsa. Ndayambanso kulimbikira Biology ndi Geography kuposa kale, chifukwa maganizo ochita maphunziro a zankhalango akundibwerera kawirikawiri, ngakhale amayi akadali pa mfundo yawo ya unamwino.

Ngati amalume ako abweradi pa Khirisimasi monga unanenera, chonde uwapatsire magolovesi achikopa ogwirira ntchito, ngakhale ogwiritsidwapo kale, chifukwa gulu lonse timabwerekana ochepa amene alipo. Undilemberenso ngati masukulu a kumeneko amaphunzitsa ana zoyenera kuchita moto ukabuka, ndi mmene amachitira, kuti ndikauze aphunzitsi athu a kalabu. Upereke moni kwa amayi ndi abambo, ndiponso kwa achemwali ako. Amayi akuti usaiwale Chichewa.

Ndine mnzako,
Madalitso